Phulusa pa Sopo wa Anti

Ndikukumbukira kuti tsiku limene ndinafika ku Kabwata, chinthu choyamba kundilandira chinali fungo. Tidakali pamasitepe a mafulati, tisanafike n'komwe pakhomo, mphuno zinayamba kundiyabwa. Linali fungo la mafuta ophikira ndi mandimu, ndipo pansi pake panali kafungo kena kolasa kukhosi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Amene ndinkapita kukakhala nawo anali mng'ono wawo wa amayi. Kumudzi tikanawatcha amayi aang'ono, koma ife ana a mu Lusaka tinkangoti Anti. Atate atamwalira, amayi anatsala nafe ana anayi m'kanyumba ka lendi ku Kaunda Square, akugulitsa tomato ndi repu pamsika. Lamlungu lina Anti anabwera kudzationa, ndipo akutsanzika anati kwa amayi, "Ba Sisi, nipatseni Dailesi. Ku Kabwata kuli masukulu yabwino. Akachoka kusukulu azaniyanganilako Mwansa." Mwansa anali mwana wa Anti wa zaka zitatu. Amayi anavomera msanga, nanenso ndinakondwa.

Anti nawo anali ndi mavuto awo. Ntchito ya muofesi ina m'tauni inali itawathera, ndipo amuna awo anali atasamukira kwa mkazi wina ku Chelstone. Chimene chinkawasunga m'fulatimo chinali sopo, amene anaphunzira kupanga ku gulu la amayi a kutchalitchi. Ankasungunula kositiki, mankhwala aukali opangira sopo, m'madzi pakakhonde kakuseri, madziwo n'kutentha okha popanda moto, kenako ankawathira m'mafuta. Ine ndinkatakasa ndi mthiko waukulu mpaka mkono kuuma. Zikatero tinkathira m'zikombole zamatabwa, ndipo sopoyo akalimba tinkamudula ndi waya kukhala mitanda, n'kuyanika pamashelefu kwa milungu ingapo. Anti ankakagulitsa m'masaluni ndi m'nyumba zogona alendo ku Woodlands ndi ku Kabulonga.

Teremu yoyamba inadutsa. Anti ankati malo kusukulu sanapezeke, ahedi anena kuti tidikire.

Akamapita kogulitsa ankakhoma chitseko chachitsulo ndi loko kunja, makiyi n'kutenga. Ankati mu Lusaka muli bakawalala, akuba othyola nyumba, komanso anyamata okhala pamasitepe sankawakhulupirira. Fulatiyo inali pamwamba, mawindo onse ali ndi zitsulo. Pawindo la chipinda chathu ndinkaona msewu: maminibasi opita kutauni, makondakitala akumenya pamalata a galimoto, ndi ana a sukulu ovala majuzi obiriwira. Panali mtsikana wina wamtali ngati ine amene ankayenda akuwerenga kope, mnzake atamugwira pachigongono kuti asagwere m'ngalande. Ndinkamudikira m'mawa uliwonse ngakhale sindinkamudziwa dzina.

Ntchito imene inkandidyera tsiku inali ya phulusa. Ndi mmene Anti ankalitchulira. Sopo tikamuthira ali wosalala, wachikasu ngati kasitadi, mawa lake tinkamupeza atayera pamwamba ngati wina wawazapo ufa. Sopoyo sanali woipa ayi, thovu ankachita bwinobwino, koma amayi a ku Kabulonga sankafuna kumva zimenezo. Choncho mtanda uliwonse ndinkayenera kuupukuta ndi kansalu konyowa, ndipo pamene phulusa lalowa kwambiri ndinkapala ndi mpeni. Ndinkakhala pansi miyendo ili tambalale, mitanda yoyera kumanzere, yopukuta kumanja, Mwansa akundikwera pamsana. Khungu la kunsonga za zala linayamba kusupuka, kenako linauma n'kumang'ambika. Ndikagwira mchere kapena tomato ndinkaluma mano.

Itafika nyengo yozizira ya Juni, phulusa linanyanya. Mayi wina wa nyumba ya alendo ku Kabulonga anabweza katoni yonse, akuti sopo wachita chuku. Anti anakwera nayo masitepe ili pamutu, anaitula pakati pa balaza, n'kukhala pansi nsapato zili kuphazi. Tsiku limenelo sanadye. Pambuyo pake anayesa zonse zimene anaziganiza. Anasintha sitolo yogulako kositiki ku Kamwala. Anawaza madzi opempherera m'makona a nyumba. Analamula kuti mawindo asamatsegulidwe, moti m'nyumbamo munkachita kutsamwitsa. Anayambanso kuwakayikira amayi a khomo loyang'anana ndi lathu, amake Yusufu, Asilamu amene makolo awo anachokera ku Malawi, kuti mwina ali ndi nsanje. Anandiletsa kuwayankha moni.

M'masiku amenewo ndinalimba mtima n'kufunsa za sukulu. Anti anali akuyang'ana mtanda pawindo, ndipo sanatembenuke.

"Manje ukapita kusukulu, azapukuta sopo ndani? Phulusa iyi ikatha, uzayamba."

Mawu amenewo ndinawasunga. Kuyambira tsiku limenelo phulusa linakhala mdani wanga ine mwini. Ndinkadzuka n'kuthamangira kuzikombole, kuyang'ana kuti layera pati, lasiya pati, osamvetsa kanthu.

Yankho linabwera ndisakulifuna. Tsiku lina titadzaza zikombole, mumphika munatsala sopo pang'ono, ndipo ndinamukokotera m'kachitini kapulasitiki ka majarini mpaka kanadzaza. Ndinaona Mwansa akukayang'anitsitsa, akunyambita milomo. Ndinakatseka ndi chivundikiro chake, n'kukabisa m'kabati pakati pa nsalu zakale, n'kukaiwala. Ndinakapeza patapita masiku angapo ndikufuna chopukutira. Nditatsegula, sopoyo anali wosalala ngati khungu la dzira, wachikasu mpaka m'mphepete. Wa m'zikombole, wochokera mumphika womwewo, anali atayera yense.

Ndinakhala nako m'manja nthawi yaitali. Sindinawauze Anti tsiku lomwelo, chifukwa ndinkaopa kuti mwina zangochitika. Ulendo wotsatira ndinatenga pepala lapulasitiki la buledi, ndinaling'amba n'kulitambasula, ndipo Anti atatuluka ndinaliyala pa theka la chikombole chimodzi, likukhudza sopo penipeni. Titavundukula, mzere unkaoneka ngati wojambula ndi rula: uku koyera, uku kosalala.

Anti anayang'ana chikombolecho, anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso chikombole.

"Wachita chani apa?"

Ndinawafotokozera. Ndinati ndikuganiza kuti ndi mphepo imene ikumuyeretsa sopo akadali wamuwisi, ndipo kutseka mawindo sikukwanira chifukwa mpweya uli m'nyumba momwemo.

Tinayamba kuyesa pamodzi, ndipo masabata amenewo ndi amene ndimawakumbukira mokoma m'chaka chonsecho. Tinaona kuti pulasitiki iyenera kugona pa sopo popanda mpata, chifukwa pamene patsala kathumba ka mpweya pamatuluka kadontho koyera. Tinaona kuti tikatakasa mpaka sopo atalimba ngati phala la mwana, mthiko n'kumasiya mzere pamwamba, phulusa silibwera ngati mmene limachitira tikathira ali wamadzimadzi. Anti anachepetsako madzi osungunulira kositiki. Pamwamba pa pulasitiki tinkaika thabwa, pamwamba pa thabwa bulangeti lakale kuti sopo asazizidwe, ndipo chovuta kwambiri chinali kudziletsa kusuzumira. Tinkamusiya mawa lake lonse, n'kudzavundukula mkuja. Tsiku limene zikombole zonse zinatuluka zosalala, Anti anavina pabalaza atanyamula Mwansa, ndipo madzulo anabwera ndi tchipisi ndi soseji. Anandigulira nsapato zakuda pa salaula, pogulitsa zovala zakale. Ndinaziyesa kangapo konse, ndikudziwa mumtima kuti ndi za kusukulu.

Teremu yomaliza inatsegulidwa, ine ndili pawindo.

Chimene chinachitika n'chakuti sopo atakongola, ogula anachuluka. Mayi wa ku Kabulonga uja anabwerera, n'kuuzanso anzake. Kalipentala anakhoma zikombole zina. Tinkapanga sopo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ntchito yopukuta italowedwa m'malo ndi yotakasa, yoyala mapulasitiki, yodula ndi yokulunga, tsiku linkatha msanga kuposa kale. Anti ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Munthu akabwera kudzatenga katundu pakhomo, ankandilozera monyadira. "Uyu ndiye manja yanga. Popanda uyu palibe bizinesi." Ine ndinkangomwetulira. Za sukulu anangoti, "Chaka yatha kale iyi. Tizaona mu Januwale."

Amayi anabwera kudzandiona Lamlungu lina. Anandigwira manja, anawatembenuza, anayang'ana zala zija nthawi yaitali. Kumbali Anti anali akuwalongedzera mitanda ya sopo, kathumba ka ufa ndi botolo la mafuta zoti akadye ang'ono anga.

"Uli bwino, mwana wanga?" anafunsa amayi.

Ndinayang'ana kathumba ka ufa kaja. "Nili bwino, amayi."

Sanafunsenso. Ndinamva mapazi awo akutsika masitepe, ndipo ndinathamangira pawindo kuti ndiwaone akukwera minibasi.

Ngozi inachitika mu Okutobala, kunja kukutentha. Zikombole zinali zitachuluka moti pathebulo sizinkakwananso, ndipo zina tinkaziika pansi pabalaza, m'mphepete mwa khoma. M'mawa umenewo tinathira sopo, tinamufunditsa, Anti anakhoma chitseko n'kupita. Ine ndinali pakakhonde kakuseri ndikutsuka mphika. Mwansa anali chete, ndipo ndinayamika kuti wagona. Koma iye anali atakweza bulangeti, n'kukankha thabwa, n'kusenda pulasitiki kuti aone chimene tinkabisa. Anapisa dzanja. Sopo wamuwisi amaotcha, chifukwa kositiki amakhala asanathe mphamvu. Atamva kuwawa anayamba kulira, n'kudzitikita kumaso ndi dzanja lomwelo.

Kulira kotero sindinakumvepo kale. Ndinamupeza akupalapata pansi, tsaya ndi chikope zili phalaphala. Ndinamunyamula kupita naye kubafa, ndinatsegula mpopi, koma madzi anali atapita kuyambira m'mawa. M'chigubu munali otsala ochepa. Ndinamupanikiza pakati pa miyendo yanga n'kumamuthira kumaso ndi kapu, iye akundimenya ndi kundikanda. Madzi anatha diso lisanatseguke. Ndinathamangira kuchitseko, ndinatsegula chamatabwa, n'kugwira zitsulo za chakunja ndi manja awiri. Ndinazigwedeza, ngakhale ndinkadziwa kuti loko ali kunja. Kenako ndinakuwa.

Anatuluka ndi amake Yusufu, aja ndinaletsedwa kuwayankha moni. Anangoyang'ana kamodzi n'kubwerera m'nyumba mwawo, ndipo anatuluka ndi ndowa yodzaza. Ndowayo sinkatha kulowa pazitsulo. Anagwada kunja, ine ndinagwada mkati nditamufungatira Mwansa, ndipo ankatunga ndi kapu n'kumandipatsira pampata.

"Thira, mwanangu, usaleke. Usapukute, thira chabe. Makiyi ali kuti?"

"Apita nayo Anti."

Amake Yusufu anatuma mwana wawo kuti akaitane bambo ake, amene ankakhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa msika. Bambowo anabwera ndi sowo yodulira zitsulo. Sindidziwa kuti kudula lokoyo kunatenga nthawi yaitali bwanji, koma kwa ine kunali ngati sikudzatha. Sowo inkalira pafupi ndi khutu langa, tizitsulo tikugwera m'tsitsi, madzi akuyenderera kutsika masitepe. Anthu anadzaza. Ndinkawamva akufunsana pamwamba pa mutu wanga.

"Ni mwana wa ndani uyu?"

"Kaya. Kapena ni wanchito."

"Akhala muno? Ine sininamuonepo."

Ndinali nditakhala m'fulatimo kuyambira Januwale.

Loko ataduka, amake Yusufu anamubereka Mwansa n'kuthamanga naye kukiliniki, ine ndikutsatira pambuyo wopanda nsapato. Phula linkaotcha kumapazi. Ndimachita manyazi kunena kuti ngakhale ndinali ndi mantha otero, mbali ina ya mtima wanga inkaona zonse: mitengo ya m'mbali mwa msewu, mayi wookotcha chimanga, geti la sukulu ya ana a majuzi obiriwira aja limene pawindo silinkaoneka. Kukiliniki anamutsuka diso nthawi yaitali. Anesi anati diso lapulumuka chifukwa cha madzi aja, koma patsaya padzatsala chipsera. Anti anatipeza komweko, wina atawaimbira foni. Analowa thukuta lili kamukamu, anamulanda Mwansa m'manja mwa amake Yusufu, n'kukhala naye pabenchi.

Tinabwerera kunyumba dzuwa likulowa. Ndinkayembekezera kumenyedwa, koma sanandikhudze. Anamugoneka Mwansa, n'kudzakhala pampando, akuyang'ana loko woduka amene wina anamusiya pathebulo. Patapita nthawi anati, "Mawa nizagula loko ina. Na vikombole tizaika pamwamba."

Sindidziwa kumene mawu anachokera. Ndinali nditaima pafupi ndi khomo la kukhitchini, zala zikundiwawa.

"Anti, munakamba kuti phulusa ikatha nizayamba sukulu. Inatha kale."

Anandiyang'ana ngati kuti mpando ndiwo walankhula. "Lelo mwana wanga afuna kufa diso, iwe ukamba za sukulu?"

"Ngati muzagula loko, nipelekeni kwa amayi."

"Amako azakudyetsa chani? Ufa wamene adya uchoka kuti?"

Zimenezo zinali zoona. Ndinangobwereza mawu omwe aja, chifukwa ena ndinalibe. Ndinati munalonjeza, phulusa linatha, ndikufuna sukulu. Misozi inkatsika, koma sindinachoke pamene ndinaima.

Anti anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma m'malo mwake anagwira kumaso ndi manja onse awiri. Analira mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ukapita iwe, ine nizachita bwanji, Dailesi?" Aka kanali koyamba kuona kuti munthu amene ankayenda ndi makiyi nayenso ankaopa.

Zinthu sizinasinthe mawa lake. Kwa masiku angapo Anti sankandilankhula kupatula za ntchito. Loko anagulabe, koma kiyi imodzi anaiponya pathebulo, ndipo ine ndinaimanga pachingwe n'kuivala m'khosi. Tsiku lina ndinawaona atanyamula mitanda ya sopo m'mbale, ataima pakhomo la amake Yusufu, akuchedwa kugogoda. Zimene anakambirana sindinazimve. Mu Januwale ndinayamba sukulu, kalasi ya masana, ndipo anandibweza Giredi 6. Ndinali wamtali kuposa onse, ndipo anzanga ankanditcha "Sopo" chifukwa cha fungo la m'manja. M'mawa ndinkatakasabe, kuthira ndi kufunditsa. Masana Mwansa ankatsala kwa amake Yusufu, ine n'kuthamanga. Ndinkafika m'kalasi mkono ukunjenjemera moti zilembo zinkapotoka. Ndinakhala m'fulatimo mpaka ndinamaliza sekondale, ndipo palibe chaka chimene ntchito inachepa.

Lero ndine mphunzitsi ku Chilenje. Ndinadzamva pambuyo pake kuti phulusa lija limabwera pamene kositiki amene sanagwirane ndi mafuta wakumana ndi mpweya, ndipo ena amapopera sipiriti pamwamba asanafunditse. Zimenezo n'zosavuta, aliyense angaziphunzire masana amodzi. Chimene chinanditengera chaka chathunthu n'china. Ndinkakhulupirira kuti ndikagwira ntchito bwino, ndikathetsa vuto la akuluakulu, iwo adzaona okha n'kunditsegulira. Sindinkadziwa kuti mwana akakhala wothandiza kwambiri, kumumasula kumavutanso kwambiri, ngakhale kwa anthu amene amamukonda. Amayi anaona zala zanga, Anti ankadziwa lonjezo lawo, koma aliyense anali ndi chifukwa chokhalira chete, ndipo kukhala chete kwanga kunkawathandiza onse. Palibe chinasuntha mpaka nditanena ndi pakamwa panga, n'kubwerezanso atandikalipira.

Anti anakalamba tsopano, akukhala ndi Mwansa ndi mkazi wake. Pa ukwati wanga anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Uyu mwana ninamuphunzitsa ndine, na manja yanga." Anthu anaomba m'manja, nanenso ndinaomba, chifukwa sananame. Fizi, mayunifolomu ndi mabuku zonse zinachokera m'zikombole zawo. Koma chaka chija nachonso chinachitika. Ndimapita kukawaona, ndimawagulira mankhwala a miyendo, timaseka, ndipo mpaka lero sindinapeze njira yowauzira zinthu ziwirizi pa nthawi imodzi.